Tataya a Chisoti, Woyeza Mafunde a Ubongo

Kwa mayi, ana, adzukulu, abale ndi onse amene munkawadziwa,

Ndi mitima yosweka, pomwe ife tomwe sitikukhulupirirabe, tikulengeza kuti mkulu wa chipinda chathu choyezera mafunde a ubongo, amene odwala ndi ogwira ntchito tinkangowatchula kuti a Chisoti, atisiya Lachiwiri m'mawa. Anagwa pakhonde la chipatala akupita kukatsegula chipindacho, mtima utaima, ndipo madokotala amene anali pafupi anayesetsa koma zinakanika. Munthu amene anathera moyo wake pa matenda otenga munthu pang'onopang'ono wapita osatsanzika n'komwe.

Dzina limeneli silinabwere pachabe. Okalamba amene amabwera kwa ife atayamba kuiwalaiwala amachita mantha akaona chisoti cha mawaya ambirimbiri chimene timawaveka kumutu, poganiza kuti chiwagwira ndi magetsi. Malemu sankalimbana nawo. Ankayamba avala okha, n'kukhala pampando wa wodwala, dazi lili noninoni ndi mafuta omatira mawaya, n'kunena kuti, "Agogo, tandionani, ndapsa ine? Makinawa sapereka kanthu, amangomvetsera." Wodwala akaseka, ntchito inkayamba. Mwa njira imeneyi anayeza anthu ochuluka amene enafe tinawalephera, anaphunzitsa onse amene akugwira ntchito m'chipindacho lero, ndipo anatithandiza kuona mmene mafunde othamanga a ubongo amacheperachepera, ochedwa n'kumachuluka, kuyambira pamene munthu akungoiwala pomwe waika makiyi mpaka pamene sazindikiranso nkhope ya mwana wake. Zonsezi timaziona ndi kuzijambula, koma kunena zoona, kuzibweza sititha, ndipo malemu ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Ankadziwa chifukwa mmodzi wa odwala athu ndi akazi awo, ndipo banja latilola kunena izi poyera. Mayi atayamba kuthira mchere m'tiyi ndi kubwereza funso limene angoyankhidwa kumene, a Chisoti anabwera nawo okha, kuwaveka chisoticho ndi manja awo, n'kuwerenga okha mizere pa kompyuta. Sanalire pamaso pathu, anangopukuta mawaya n'kuitana wodwala wina. Kuyambira pamenepo ankawasambitsa, kuwapesa ndi kuwadyetsa asanabwere kuntchito. Anapaka utoto wofiira pa batani limodzi la foni ya kunyumba, ndipo masana aliwonse mayi amalidina, foni n'kulira m'chipinda chathu, iwo n'kufunsa kuti abambo aweruka nthawi yanji. Mayina a ana awo anawaiwala kale, koma batani limenelo sanaliiwale.

Dzulo titapita kunyumba kukapepesa, mwana wawo wamkazi anatitengera kukhitchini, ine ndi namwino wamkulu.

"Adokotala, mayi ndawauza za imfayi," anatero. "Amalira mpaka kukomoka. Akagona pang'ono n'kudzuka, amati, 'Iwe mtsikana, abambo sanabwere?' Ndiye ndiwauzenso? Ndiziwaphera mwamuna tsiku lililonse?"



"Basi, mundithandize chimodzi," anapitiriza. "Akaimba, musawauze. Muzingoti ali ndi wodwala."

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lathu loona za matenda a ubongo, madokotala, anamwino, ofufuza ndi mabanja a odwala amene malemu anawatumikira mokhulupirika, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu nonse. Tikukufunirani mphamvu pa masiku akubwerawa, ngakhale sitikunamizani kuti tikudziwa kumene mphamvuzo zichokere, pakuti amene ankasenza katunduyu apita, katundu watsala, ndipo matenda a mayi sapepuka. Uthengawu sitikupempha kuti mayi awerengeredwe.

Pempho lanu talivomera, ndipo aliyense wa m'chipindacho wauzidwa choyankha. Lero masana foni yalira. Namwino wamkulu wainyamula n'kunena monga munatipemphera.

"Chabwino, musawasokoneze," mayi atero. "Mungowauza kuti ndikudikira. Ndekha sindidya."

Ndine wanu pachisoni chachikulu,
Wapampando wa bungwe, m'malo mwa mamembala onse