Kabotolo nambala 41

Lolemba, 3 Malichi

Basi, labu yathu ikutsekedwa kumapeto kwa mwezi. Apulofesa akupuma pa ntchito. Zaka 26 ndikudyetsa maselo m'chipinda chomwechi, pawindo lomweli losatsekeka bwino.

Lero timakhuthula thanki yozizira yosungiramo maselo ija. M'bokosi lachinayi, timabotolo tiwiri, nambala 41, zolemba za dzanja langa. Maselo a achemwali anga. Khansa ya m'magazi inawatenga zaka 19 zapitazo, koma magazi amene anapereka okha akudwala adakali pano, oundana.

Labu ina yati itenga maselo okhawo amene ali moyo, komanso wachibale asainire. Otsala onse akaotchedwa. Ine wa m'labu momwemo sandilola, wosainayo ndi mwana wawo, Mlongoti wanga wamtali uja. Sadziwa n'komwe kuti timabotoloti tilipo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndasungunula kabotolo kamodzi kuti tione ngati maselowo adzuke. Ndawathira m'botolo la madzi ofiira odyetsera maselo.

Ndakumbuka tsiku lija m'wodi, achemwali atandigwira mkono: "Iwe wasukulu, tandiuza, chikundidyachi n'chiyani?" Ndinati ndi kachilombo kamene tonse awiri tinayamwa kwa amayi, ndipo kali ndi majini awiri, timalangizo tolembedwa m'kati mwake, oyendetsa zinthu. Woyamba, Tax, ndi wolongolola. Amadzutsa kachilomboko kuti kaswane, nakakamiza selo kugawikana. Koma phokoso lake limaitana asilikali a m'thupi, ndiye amangoyankhula pang'ono n'kubisala. Wachiwiri, HBZ, analembedwa kuseri kwa malangizo omwewo, chobwerera m'mbuyo. Sakweza mawu, koma ndi amene amasunga seloyo kuti isafe, zaka ndi zaka.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti wolongololayo ndine, wachete ndiwe!" Sananame. Kunyumba iwo ankayankha mafunso ofunsidwa ine. Kuchokera pomwepo labu yonse, ndi Apulofesa omwe, timangoti Wolongolola ndi Wachete.

Mwa ine kachilomboko kangokhala duu mpaka lero. Chifukwa chake palibe akudziwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Palibe chooneka. Zinyalala zokhazokha.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndamuimbira Mlongoti. Ndinakonza mawu abwino, koma atuluka mokhotakhota.

"Amayi aang'ono, mukuti chiyani? Zaka zonsezi inu muli nawo m'thanki, ine ndikulira ndi chithunzi?" Wadula foni.

Akunena zoona. Amayi ake pomwalira anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinati ndidzamuuza akakula. Wakula mpaka kundipitirira mutu, ine duu. Uchete wanga nthawi zina umandinyansa.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinapita kukawaona maselo aja ngakhale si tsiku la ntchito. Madzi a m'botolo, ofiira aja, ayamba chikasu. Ndiye kuti muli akudya! Pa maikulosikopu, timagulu towala, tounjikana ngati mazira a chule. Ali moyo.

Apulofesa anali m'ofesi akumanga mabuku. Anasuzumira, navula magalasi. "Wachete wagwira ntchito yake," anatero. Ndalira ngati mwana, pa kampando kanga kothyoka msana kaja. Ndawasowa achemwali, ndasowa phokoso lawo.

Ndamulembera Mlongoti uthenga. Wawerenga, sanayankhe.

Lolemba, 10 Malichi

Mlongoti wabwera, nkhope ili gwaa. Jasi la labu lamulekeza m'zigongono. Anawerama pa maikulosikopu nthawi yaitali.

"Ndi amayi amenewa?"

Ndinafuna kuvomera, koma ndabisa zokwana. Ndamuuza kuti ndi maselo awo, inde, koma ndi omwewo amene anawapha. Ndamuuzanso kuti anawapereka okha, amvekere mwina wina adzapeza pom'gwirira Wacheteyo. Ndinamuikira pepala patebulo, ndinati akakana sindimuimba mlandu.

Sanaliyang'ane pepalalo. "Amadya chiyani?"

Ndinamuonetsa madzi ofiira aja.

"Kuchipatala munkandiletsa kulowa. Ngakhale kapu ya madzi sindinawapatseko."

Ndinamuveka magolovesi, ndi kumugwira dzanja pa kachubu koyezera. Dontho, dontho, mpaka botolo linafiiranso.

Wasaina. Kenako anapempha cholembera chathu chosafufutika chija, natenga botololo. Pansi pa 41 wanga walembapo: Amayi.