Bokosi Langa Lauluka

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Uli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija.

Mutu wanga sukugwira. Bokosi la mafirizesi unanditumizira lija, bambo ako analidula n'kupangira ndege. Akuti ndi lopepuka bwino. Ndinawakalipira mpaka mawu kutha, iwo kumangomata mapiko.

Loweruka anakaiyesa pabwalo la mpira ku Chinakanaka, rimoti ili m'manja. Esinati, inauluka! Inazungulira pamwamba pa minda ya tiyi, anthu kusiya malonda. Ndinangomva mayi wina akukuwa, "Amuna anga amenewo!" Ndinali ine.

Pano geni yaima, koma mkwiyo sindikuupeza. Kodi ndapenga?

Unditumizire bokosi lina. Ayi, awiri, poti ayamba kale kujambula yaikulu.

Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako.