Njerwa za sukulu zili pa bafa lathu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chinsapo matupi ali bwino, koma ine kumsika ndikupita mozemba.

A khonsolo analonjeza simenti ndi malata a makalasi awiri, ife makolo tikaumba njerwa. Tinaumba n'kuwotcha. Atabwera ndi lole, anapeza uvuni utagumulidwa mbali imodzi, ndipo anabwerera ndi simenti yawo. Ahedi analondola mmene munadutsa wilibala mpaka pa bafa latsopano limene alamu anu amanga. Sanakalipe. Anangoti, "Mayi, Chisomo wanu aphunziranso pansi pa mtengo dzinja lino."

Chonde alembereni alamu anuwo, agumule n'kubweza njerwazo. Inu amakumverani. Ine ndikusambira kuseri kwa nyumba, m'bafamo sindingalowe.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati