Makumba M'damu la Ndere

Nkope, Mangochi
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene anga Che Sadik,

Asalamu alaikumu. Ine kuno ndadzuka, mawondo okha ndiwo akukana, koma Mulungu ndi wamkulu. Kaya inu ndi alamu ku Joniko muli bwanji?

Musadabwe ndi zilembo zokongolazi. Mukudziwa kuti ine cholembera sindinachigwirepo, ndipo sindichita nazo manyazi, ukonde sufunsa satifiketi. Akundilembera ndi mayi Melissa a ku Ntcheu, abwana anga a pantchito. Tapangana kuti alemba liwu lililonse mmene latulukira pakamwa panga, osakometsa. Andifunsa kuti bwanji osangokuimbirani foni. Ndawauza kuti pafoni inu mumangoti, “Ndili m'shopu, ndiimbanso,” basi mwezi watha.

Chimwalirireni alamu anu Abiti Ahmad, nyumba ija inandikulira. Kunyanja ndinasiya, nkhafi inayamba kundilemera. Ndiye chaka chatha anthu a pulojekiti anakumba madamu atatu kuseri kwa msika wa nsomba, nkundilemba ntchito. Madzi onse oipa a kusukulu yogonera konko ndi otsukira nsomba, aja ankangotsikira m'nyanja, tsopano amalowa m'menemo. M'madamumo akuweta ndere. Eee, ndere, zomwe tinkazitukwana zikamatirira paukonde wa chilimira. Koma izi si zaulusi zija. Ndi tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timangobiriwitsa madzi ngati mwafinyiramo nkhwani. Timadya zonyansazo, madzi nkutuluka oti kuthirira dimba. Kenako timasefa ndi nsalu, kuyanika pathandala ngati usipa, nkufinya mafuta. Musaseke. Mafutawo ndinawaona ndi maso angawa akuliza injini ya chigayo. Ine gawo langa ndi kuyang'anira gudumu lotakasa madzi ndi kupirikitsa mbuzi.

Ntchitoyi inandidyera anzanga. Kumzikiti anayamba kundisiyira mpata waukulu pamzere wa swala. Tsiku lina Che Swadick anati, “Che Wadi, mwasamba kangati lero? Fungo la najisi lafika kale, inu mukadali panjira.” Ine ndinati, “Najisiyo ndi yanu yomwe, ine ndimangokusungirani.” Anthu anaseka, koma kuyambira pamenepo pabawo sandiitananso. Munthu wondipatsa moni wochokera pansi pa mtima anatsala mmodzi, mwana wachikhristu akundilemberayu, amene amanditcha ababa nkumandigawira tiyi wa m'fulasiki yake. Lembani mayi, musawerame.

Tsono nkhani yake ndi iyi. Masabata awiri apitawo damu lalikulu linafa. Lolemba linali lobiriwira bwinobwino, pofika Lachisanu latuwa, fungo labwerera. Abwana aakulu, a Harold, anachita kubwera kuchokera ku Lilongwe nkuwakalipira mayiwa ine ndili pomwepo. Anati, “Mwezi wamawa eni pulojekiti akubwera, ndidzawaonetsa chithaphwi? Pofika Lachisanu lapa 18 mundiuze chomwe chapha damuli. Mukalephera, tibweretsa wodziwa ntchito.” Chiyambire tsikulo mayiwa ali pakalikiliki ndi timabotolo tawo, nkhope yagwa, tiyi akuzizira m'kapu. Anapeza kuti m'madzimo muli tizilombo ta kunyanja todya ndere, koma kuti tinalowa bwanji, osadziwa, poti mpanda ulipo ndipo makiyi ali ndi anthu awiri okha, iwo ndi ine. Anandifunsa kamodzi. Ndinati, “Mwina mbalame.”

Achimwene, sizinali mbalame.

Lamulungu lina mayiwa ali kutchalitchi, ndinaima m'mbali mwa damulo dzuwa lili paliwombo. Munthu ndawedza zaka makumi asanu, ndiye ndizingoyang'ana madzi onona chonchija opanda nsomba ngakhale imodzi? Mtima unandiwawa. Mukukumbuka bambo athu ankati madzi obiriwira ndiwo amanenepetsa makumba. Ndinatenga kaukonde kanga kakale, ndinatsikira kumabango, nkukokola tiana ta makumba. Zidebe zinayi, pamodzi ndi madzi ake, ndinakhuthulira m'damumo. Ndimati ikatha miyezi itatu ndidzavuule nsomba zonenepa, ndiziponye pamapazi pa anthu ophunzirawa, aone kuti wosapita kusukulu nayenso mutu ali nawo. Sikuti sanandiuze. Tsiku loyamba lenileni anandiuza kuti m'menemo musalowe ngakhale dontho la madzi a kunyanja. Ndinamva ndithu. Ndinangoti ndi zonena za m'mabuku.

Nsombazo sizinathe ndi tsiku limodzi lomwe. Mmawa mwake ndinazipeza zayandama, mimba kumwamba. Ndinazivuula mayiwa asanafike nkuzikwirira kuseri kwa mpanda. Tizilombo tija ndito tinatsala, nkudya ntchito ya mwana wa eni ake ya chaka chathunthu.

Apa cholembera chayamba chaima. Mayi Melissa akundiyang'ana. Akuti, “Ababa, masabata awiri ndikuvutika pamaso panu, inu muli phee, mukumwa tiyi wanga?” Ndawauza kuti alembe zimenezonso. Akuti, “Nanga osangondiuza bwanji? Mpaka kalata ya ku Joni?” Ine sindikuuza iwo ayi. Ndikuuza mbale wanga wobadwa naye bere limodzi. Ngati khutu lawo lamva, imeneyo ndi nkhani ya khutu lawo. Mwamuna wa msinkhu wanga sagwadira mwana woti akanatha kumubereka. Koma kumuona akuchotsedwa ntchito chifukwa cha zidebe zanga, chimenecho sindingalole.

Choncho ndalamula kuti kalatayi isanapite kwa dalaivala wa ku Joni, aijambule pafoni aitumize kwa a Harold lero lomwe. Akuti akatero ine ntchito yatha, malamulo ake ndi otero, ndipo iwo sangathe kunditeteza. Ndani wawapempha kunditeteza? Kiyi ndi uyu, ndamuika patebulo. Chokhacho ndawafunsa ngati damulo lingadzukenso. Akuti inde, aliphwetsa, alitsuka, atenga mbewu m'damu laling'ono, pakatha masabata atatu libiriwiranso. Alihamudulila. Ndizidzalionera kunja kwa waya. Amene adzalowe m'malo mwanga amuuze kuti gudumu lija limafuna girisi Lachitatu lililonse, ndiponso mbuzi ya Che Swadick yamawangamawanga imalowera pangodya ya kummawa.

Musanditumizire kanthu, chinangwa ndili nacho. Koma ngati mungabwere pa Idi, bwerani. Simudzavutika kundifuna. Kubawo kulibe ine, kudamu kulibe ine, mudzandipeza pakhonde kuyambira mmawa. Manda a alamu anu ndinalambula, a mayi athunso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Hidaya ndi ana ake amene sindinawaonepo, ndi kwa aliyense wa kwathu kuno amene akundikumbukira. Mwambo wake pano ndimayenera kutchula anthu a kuno amene akukupatsani moni. Ndaganiza, sindinapeze. Ndafunsa mayi Melissa ngati ndingaikepo dzina lawo. Iwo akungolembabe.

Ndine mbale wanu,
Wadi

Chala chili m'munsichi ndi changa, ndadinda ndekha.