Tishirimpi Tating'ono Sitinapezeke

Woods Hole,
Okutobala 2013

Achimwene Dwight,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga manja a Bambo ali bwanji poti kuzizira kwayambaku? Ine kuno ndili bwino, kungoti galimoto yanga yayamba kuvuta kulira m'mawa, ndiye ku ntchito ndikumapita wapansi.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndalephera kunena. Mukudziwa kuti miyezi yotentha ija ndinali pa sitima ya kafukufuku, tikukoka khoka m'madzi akuya kumtunda ndi kumunsi kwa gombe lathu la Maine. Ntchito yanga inali kuyeza shirimpi, tinkhanu tating'ono ta m'nyanja tija, imodziimodzi. Achimwene, kulibe. Pamalo pomwe kale tinkadzaza madengu, khoka limatuluka lopepuka. Wophika wathu adasuzumira tsiku lina nati zimenezo ngakhale mphaka wake angamunyoze nazo. Anzanga adaseka. Ine ndidapita kukaima kumbuyo kwa sitima.

Kuchepako sikukadandiopsa kwambiri. Chondiopsa n'chakuti zomwe tidapezazo pafupifupi zonse n'zazikulu. Paja shirimpi zathuzi zimabadwa zazimuna, n'kusanduka zazikazi zikakula, ndipo zazikazizo n'zimene zimabwera kufupi ndi gombe nthawi yachisanu, inu n'kumazigwira. Tating'ono todzalowa m'malo mwake sitikuoneka, ndipo si chaka chino chokha. Madzi afunda. Nkhanu zikuluzikulu zija ndiye zachuluka mpaka m'madzi akuya, choncho misampha yanu ya chilimwe ilibe vuto. Koma za chisanu, aliyense kuno akuona kuti usodzi wa shirimpi aboma autseka.

Nditangotsika sitima, Bambo adandiimbira. Sadafunse n'komwe za ulendo, adangoti, “Iwe Corinne, ziliko?” Ndidayankha kuti tikadawerengabe. Sikunali kunama kwenikweni, koma yankho ndinali nalo kale. Iwo adaseka nati akudziwa kuti mwana wawo sangawabisire zoipa.

Sabata yatha alamu a Lorna adandiuza kuti Bambo atulutsa khoka lawo la shirimpi lija m'shedi, ndipo akumakhala tsiku lonse akulisoka ndi zala zotupazo. Akuti akumauzanso anzawo padoko kuti asade nkhawa, ali ndi munthu wawo mkati mwa ofufuzawo. Alamuwo adandiuzanso mosangalala kuti apentanso chikwangwani chogulitsira shirimpi pamsewu. Ndidangoti chabwino.

Ndikudziwa kuti shirimpizo sindidazithamangitse ndine. Komabe ziwerengero zomwe akaweruzire nkhaniyi zadutsa m'manja mwanga, ndipo sukulu imene idandifikitsa pano idachokera m'khoka lomwelo. Inu mudasiya sukulu n'kukwera boti kuti ine ndipitirize. Lero chimene ndikukubwezerani n'chisanu chopanda ntchito.

Msonkhano wogamula za usodziwu udzakhala ku Portland mu Disembala, ndipo andiuza kuti ndidzakhale kutsogolo ndi amene akafotokoze zomwe tidapeza. Ndikudziwa kuti Bambo adzabwera, adzavala jekete lawo labwino lija, n'kukhala mzere woyamba.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali mupite kunyumba madzulo, mukhale pafupi ndi Bambo, ine ndidzaimba. Ndidzawauza ndekha, sindikufuna kukusenzetsani zimenezo. Ndikungofuna kuti akadzaika foni pansi asadzakhale okha m'khitchini muja. Ndipo ngati mungathe, khokalo mulibwezere m'shedi iwo asakuona, asamadutsepo m'mawa uliwonse.

Akadzakalipa, asiyeni akalipe. Akadzati ana a sukulu sadziwa nyanja, musanditeteze.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndiwaimbira paokha. Moni kwa azakhali a Verna, ndi kwa ana anu onse, makamaka Tessa amene akuti akufuna kudzagwira ntchito ngati yanga. Musamuletse chifukwa cha ine.

Ku Portland kuja mudzakhala pakati pa anzanu a padoko. Mukadzaona kuti n'kovuta kudzandipatsa moni iwo akuona, musadzavutike. Mudzangokweza chipewa pang'ono, ndidzaona.

Ine mlongo wanu,
Corinne