Mayi Ake a Hamilton

Lolemba, 9 Okutobala 2023

Ofu kuntchito lero. Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Ndinapita ndi apongozi, a Lucious, kwa dokotala wa maso. Diso lamanja nalonso layamba kufooka. Zilembo sakuziwonanso, ngakhale ndi galasi lokulitsira lija. Zaka 84.

Titafika pakhomo, asanatsike: "Chawezi, mwana wanga, undibwerekeko maso ako mpaka Khirisimasi." Ndinaseka. Iwo ayi.

Akufuna timalize buku la mbiri ya banja lawo. Zaka makumi anayi akulilemba. Edmond, mwana wawo weniweni, akangomva za makolo akale amayamba kuyasamula. Ntchito yagwera ine mkazi wake, mpongozi wochokera ku Kasungu. Kwathu apongozi aamuna umawalonjera uli patali, utagwada. Kuno ndizikhala nawo tebulo limodzi, mitu pafupi.

Ndavomera.

Lachitatu, 11 Okutobala

Chipinda chawo chapansi. Makatoni asanu ndi awiri. Fungo la mapepala akale ndi khofi.

Andifotokozera kuyambira pachiyambi, maso atatseka. Banja la Gaubert: Ahuguenoti, Akhristu a ku France amene anakana kusiya chipembedzo chawo mfumu itatseka matchalitchi awo. Anathawa mu 1685. London, kuluka nsalu za silika, mibadwo isanu. Ndinati ndiyetu ndife amodzi, inenso wa CCAP, tonse ana a Calvin. Anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako 1856. Daniel Gaubert ndi mkazi wake Judith analowa mpingo wa Mormon. Sitima ya pamadzi kuchokera ku Liverpool kubwera kuno ku America. Ya pamtunda mpaka ku Iowa, ndipo apongozi amalumbira kuti inadutsa konkuno ku South Bend. Kuchokera ku Iowa, wapansi mpaka ku Utah, akukoka ngolo ndi manja. Miyezi itatu. Kumsana khanda, Hamilton, agogo awo a bambo a apongozi.

Chowasowetsa mtendere ndi ichi. Kaundula wa m'sitima akuti Hamilton anamwalira panyanja. Kaundula wa ku Utah akuti anafika wamoyo. Anakhala zaka 71, ana asanu ndi anayi. "Mlembi anali ataledzera," amatero. Koma akufuna umboni buku lisanatuluke.

Lamulungu, 15 Okutobala

Mashifiti atatu otsatizana. Mapazi akutentha. Pochokera kutchalitchi ndinawadzera apongozi ndi mandasi. Adya atatu, shuga wawo adzandiyankha yekha.

Ndapeza m'katoni envelopu ya zotsatira za DNA. Anayezetsa zaka zinayi zapitazo. England yambiri. Denmark ilipo. France, ngakhale kadontho. Ndinawawerengera. "Makina amenewo amanama, bwezera momwe unaipeza." Ndabweza.

Msuweni wawo, mayi Evelina a ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, aimba foni. Pokonza m'nyumba apeza chitini cha mabisiketi chodzaza makalata a makolo. Kuwerenga akulephera, zilembo zake zopendekeka ngati udzu wogwa ndi mphepo. Kutumiza pa positi akukana. Ndipita Loweruka. Ndikaonanso mwana wanga Akuzike.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndinanyamuka seveni koloko. Msewu wa 31, minda ya chimanga chouma mbali zonse, makina akukolola. Kokomo, khofi. Indianapolis hafu naini itadutsa.

Ndinayamba kwa Akuzike ku hositelo. Waonda mwana wanga, sukulu ya unamwino si masewera. Ine Chichewa, iye Chingerezi, monga mwa masiku onse. Ndamusiyira chiponde ndi jekete.

Mayi Evelina: aafupi, tsitsi mbuu, amphaka awiri. Anandikumbatira ngati tinakulira limodzi. Supu, buledi, kenako chitini patebulo. Makalata 23. Ndinayamba kusikana ndi foni, imodzi imodzi, iwo akuwodzera pampando.

Yachikhumi ndi chinayi. Judith kulembera mchemwali wake ku London, 1871. Sinatumizidwe, kapena inabwerera, kaya. Ndinaiwerenga katatu kuti nditsimikize.

Mlembi wa m'sitima sanaledzere. Hamilton anamwaliradi panyanja, wa miyezi isanu ndi iwiri. Anamusokera m'nsalu, anamuponya m'madzi. Patapita masabata atatu, pamsasa ku Iowa, mayi wina wa ku Denmark anamwalira ndi malungo. Mwamuna wake anali atatsogola kale. Khanda lalimuna linalira tsiku lonse m'tenti. Judith analemba kuti: "Mkaka wanga unali usanaume. Ndinamunyamula kuti angotonthola, ndipo sindinamutsitsenso." Anamutcha Hamilton. Akuti pakamwa pake panakana kutchula dzina lina. Zikuoneka kuti mwanayo sanauzidwe mpaka imfa.

Ndinapita kubafa, ndinatsegula mpopi kuti mayi Evelina asamve.

Pobwerera ndinaima pa malo omwetsera mafuta, osagula kanthu. Ndinangokhala m'galimoto, ndikuganiza. Si za a Gaubert ayi. Chifundo.

Lamulungu, 22 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Mutu.

Dzina limeneli sindinalilembepo m'kope muno. Chifundo, mng'ono wanga. Anamwalira mu Febuluwale 2003, patangopita masiku anayi atabereka Akuzike. Bambo a mwanayo anali atalowera ku Joni, mpaka lero. Pamaliro khanda linkadutsa m'manja mwa azimayi, uyu alandire, uyu apereke. Litafika kwa ine linathera pomwepo. Ine mkaka ndinalibe. Botolo, ndi kuyenda naye pakhonde mpaka miyendo kuuma.

Akuzike amadziwa. Ndinamuuza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangofika kuno. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti mayi akewo anali otani. Ine ndinalira moti mwana ndi amene anayamba kunditonthoza. Sanafunsenso. Zaka khumi ndi chimodzi. Ine nkumati zili bwino.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Ndamuonetsa Edmond kalata ija. Anakhala pansi, anavula magalasi. Akuti tisawauze. Mkazi anawasiya, maso akuwasiya, France ndiye chatsala. Amanyadira mpaka mtanda wa Ahuguenoti uja amauvala pajekete. "Asiye apite nazo."

Mwina akunena zoona. Bambo ake ndi ake.

Apongozi aimba kawiri. Ndanama kuti zithunzi sizinatuluke bwino, ndikuziwongola pa kompyuta. Anati, "Usathamange, mwana wanga." Bodza kwa munthu wosaona limawawa mwapadera. Anandibwereka maso, ine ndikuwatsinzinitsa.

Lachisanu, 27 Okutobala

Ndinawawerengera apongozi makalata khumi ndi atatu oyamba. Mtengo wa ufa, dzombe m'munda, ng'ombe yothyoka mwendo. Anasangalala ngati mwana. Nditafika pa yachikhumi ndi chinayi ija ndinadumpha.

Anamva pepala likutembenuka kawiri. Makutu awo ndi akuthwa tsopano. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Kunyumba ndamuuza Edmond kuti sindingathe kuwabisira. Munthu wasaka chinthu zaka makumi anayi, ine ndili nacho m'chikwama. Wati chabwino, koma akhalepo.

Lamulungu, 29 Okutobala

Tawauza. Masana, dzuwa likulowa pawindo la kukhitchini. Edmond pambali pawo.

Ndinawerenga pang'onopang'ono. Ndinamaliza. Kenako: "Bwereza." Ndinabwereza. Anavula mtanda uja pajekete, anaugwira m'manja, akuusisita ndi chala.

Ndimayembekeza kuti alirira France. Ayi. Anafunsa kuti, "Dzina la mayiyo walemba?" Ndinayang'ananso, kutsogolo ndi kuseri. Palibe. "Mayi wa ku Denmark," basi.

Apa ndi pomwe analira. Edmond akuti sanawaonepo akulira chotero, ngakhale pamaliro a amayi ake. "Mtengo wa ufa analemba. Ng'ombe analemba. Munthu anawoloka nyanja ndi khanda, nkukafera m'tenti pakati pa anthu osamva chinenero chake, ndipo palibe anasunga dzina lake. Ine ndatha moyo wanga ndikuloweza mayina a ku France."

Edmond anayesa kunena kuti Judith analakwa. Anamudula. "Usamunene. Anakoka ngolo mpaka ku Utah ndi mwana wa mwini kumsana. Ameneyo ndi gogo wanga. Kungoti ndili nawo awiri."

Mtanda anaubwezera pajekete okha, mokhota. Sindinawongole.

Lachinayi, 2 Novembala

Masiku atatu osaimba. Ndinada nkhawa. Lero ndinapita ndi nkhuku yowotcha, ndinawapeza atameta ndevu, atavala taye. Ntchito yatsopano: akufuna mayina a anthu onse a ku Denmark amene anafera pamsasa uja chaka chimenecho. Andilembetsa makalata awiri, ina ku Salt Lake, ku Utah, ina ku Iowa. Akuti mwina sitimupeza. Akuti tiyesebe. Buku lidikire.

Ndikutseka laputopu, anafunsa mwakachetechete: "Akuzike amadziwa chiyani za mng'ono wako?"

Ndinati dzina ndi chaka.

"Iwe ukapita, adzafunsa ndani?"

Ndinatsuka makapu oyera kale.

Lachisanu, 3 Novembala

Sutikesi ya buluu, pamwamba pa wadiropu. Chithunzi chimodzi chokha: Chifundo mu yunifomu ya kwaya, akuseka, dzino lakutsogolo lobenthuka. Kope lake la nyimbo. Chitenje chimene anapita nacho kuchipatala, sindinachichapenso, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndamulembera Akuzike uthenga kuti ndikubwera mawa, pali zoti tikambirane, si zoopsa. Wayankha ndi funso: ndikudwala? Ayi, mwana wanga.

Chipale chofewa choyamba chagwa pang'ono, chasungunuka.

Loweruka, 4 Novembala

Indianapolis. Tinakhala m'galimoto pafupi ndi ngalande ya m'tauni, hita ikulira. M'chipinda mwake munali mnzake.

Ndinamupatsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa kagalasi ka m'galimoto, nkudziyang'ana. Mphumi yomweyo. Ndakhala ndikuiona tsiku ndi tsiku zaka makumi awiri, osamuuza.

Ndinalira, inde. Koma ulendo uno sindinasiye kulankhula. Ndinamuuza kuti anali wamanzere, aphunzitsi anamumenya mpaka anatopa okha. Kuti ankaimba alito. Kuti dzino analibenthula pogwa mumtengo wa bwemba, akuthyolera ine. Kuti ankaopa achule koma osati njoka. Kuti ankafuna unamwino, masamu anamugwetsa kawiri. Apa Akuzike anagwira pakamwa.

Anandisiya ndilankhule ola lathunthu. Kenako anafunsa, m'Chichewa, chopindika koma Chichewa: "Anandiona ine?"

Masiku anayi onse. Sankalola munthu kumunyamula, ngakhale amayi athu. Ankagona atamugwira kaphazi.

Panatsala chimodzi, chimene ndinkachita nacho manyazi. Nthawi zonse amadziwa kuti dzina ndinamutcha ndine. Kusukulu analembapo nkhani yake, ine ndinaimata pafiriji. Sindinakonze. Ndinkafuna kanthu kamodzi koti ndinayambitsa ine.

Ndinamuuza. "Dzina lako anakutcha ndi iye, tsiku lachiwiri, akukuyamwitsa. Ine ndinangolisunga."

Ndinaganiza kuti wakwiya, ndipo akanakhoza. Anatenga chitenje chija pamiyendo panga, anachinunkhiza, anachifunda pamwamba pa jekete. Kenako anatsamira mutu paphewa panga, chimunthu chachikulu chotere, giya ikumubaya m'nthiti.

"Amayi, musapite lero," anatero. "Muyambirenso. Kuyambira tsiku limene anabadwa."

Ndaimbira Edmond kuti asandidikire. Ndikulemba izi pabedi pake, iye watsika kukagula tiyi ndi kope. Akuti alemba yekha.

Tsiku limene Chifundo anabadwa. Ndinali ndi zaka zisanu. Ndikukumbuka kuti anandituma kukaitana azakhali kudimba, ndipo ndinathamanga osavala nsapato.