Onyamula Bokosi la a Mfupi

Lachiwiri, 9 Febuluwale

Okondedwa ana anga, iwe ndi mpongozi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi adzukulu. Ine ndili bwino, ndikuyenda ndi miyendo yanga. Akundilembera ndi atelala oyandikana nawo nyumba, koma mawu onse ndi anga.

Munafunsa za kufakitale ya mabulangete. Makina a kompyuta aja, amene anachotsetsa anthu ntchito, aima chiyambire chaka. Akuti kachitsulo kena kanapsa mkati ndipo kuno sikapezeka, akudikira kochokera kunja. Makina athu akale, amene tinkakonza tokha ndi sipanala, anawadula n'kugulitsa kwa ogula zitsulo. Ndiye lero anthu sakuluka, makinanso sakuluka. Zida zakufa aziunjika kuseri kwa mpanda, mvula ikagwa madzi akuda amatsikira m'ngalande yathu.

Mumsewu mwathu mwangoti zii. Anthu anabalalika kukasaka ntchito, zitseko zambiri zili ndi loko.

A Mfupi, amene ndinkaluka nawo moyang'anizana, anatisiya Loweruka. Kale munthu wapafakitale akamwalira, anzake apashifiti tinkachita kulimbirana bokosi. Ulendo uno tinangopezeka nkhalamba zochepa. Ine ndinagwira kutsogolo. Akazi awo anati, "Alamu, siyani, mungatiwonjezere maliro." Ndinati, "Mlamu, amuna anuwa ndinkawanyamula ataledzera akuponya miyendo, ndilephere lero ali phee?" Anaseka misozi ili mbwembwembwe. Koma pachipata cha manda bondo linandikana, bokosi n'kupendekeka. Anatithandiza ndi anthu ongodutsa, osadziwa n'komwe dzina la womwalirayo. Wina anandifunsa ngati anali mlendo.

Sindikudwala, ndipo musatumize kanthu. Zosamukira kwanuko ndinakana kale, mayi anu agona kuno. Ndingofuna kudziwa, iwe mwana wanga: uthenga ukakupeza mwadzidzidzi, abwana ako amalola kuti unyamuke tsiku lomwelo? Ine sindifuna kunyamulidwa ndi anthu ofunsa dzina langa panjira.

Mundiperekere moni kwa mchemwali wako ndi amuna ake. Mdzukulu wanga wamkulu mumuuze azidya bwino, mapewa akhwime. Ndawerenga iwe, mlamu wakoyo ndi mdzukuluyo. Wachinayi ndikumufunafunabe.

Ndine bambo wanu,
woluka mabulangete